Powell-Hyde, Powell-Mason kapena California: kasitima ka chingwe koyenera madola anu ku San Francisco

Chibwerereni ku San Francisco anthu atatu andifunsa kale funso limodzimodzi: timasitima tija tokwera mapiri, tikakwere kati? Wachitatu ndi msuweni wanga amene akupita kumsonkhano kumeneko, ndipo ine ndatopa kujambula mawu aataliatali pa WhatsApp. Ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere yekha. Tinapita mu Julayi 2023, ine, mayi akunyumba ndi alamu anga amene amakhala ku Seattle. Mitengo imene nditchule ndi ya nthawi imeneyo. Imakwera, ndiye muyang'ane musananyamuke.

Eni ake amati cable car. Tilibe injini timasitima timeneti. Pakati pa njanji pali kampata kakang'ono, ndipo pansi pake pamayenda chingwe chachitsulo, osaima tsiku lonse, pa liwiro la makilomita 15 pa ola. Woyendetsa, amene amamutcha gripman, amakoka chitsulo chachitali chimene chimaluma chingwecho ngati pulayala. Chikaluma, kasitima kamatengedwa. Andrew Hallidie ndiye anayambitsa zimenezi pa Clay Street mu 1873, njira zinachuluka mpaka 23, koma lero zatsala zitatu zokha. Zitatuzo ndi zimene ndikuyerekeza pano, ndipo ndinakwera zonse.

Ndiyambe ndi chimene chinandiluma, chifukwa nkhani ya njira iti imadalira tikiti imene muli nayo m'manja.

Tikiti ya ulendo umodzi inali madola 8 munthu mmodzi. Ine ndinamva ngati ulendo umodzi ndi kuchoka poyambira mpaka kumapeto, ngakhale utatsika panjira n'kukwera kena kobwera m'mbuyo. Ayi ndithu. Tikiti imafa phazi lako likangoponda pansi. Pa basi wamba wa mumzindamo unkalipira madola 3 n'kumasintha mabasi kwa maola awiri osatulutsanso kanthu, koma pa cable car zimenezo kulibe. Ndinafunsa mnyamata wapakauntala ku hotela yathu kuti matikiti abwino ndi ati kwa anthu atatu ofuna kuzungulira tsiku lonse. Iye maso ali pafoni anangoti, "Pitani pa Powell, mukagula pomwepo." Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, phula n'kudyabe.

Tinagula matikiti atatu, madola 24, n'kukwera ka Powell-Hyde. Titafika pamwamba pa Lombard Street, pa msewu uja wanjerwa zofiira wokhotakhota kasanu ndi katatu pakati pa maluwa, theka la anthu linatsika, ifenso tinatsika. Tinajambula zithunzi, tinatsika masitepe, tinakweranso tili wefuwefu. Timasitima tiwiri tinadutsa todzaza tho, anthu akulendewera m'mbali. Kachitatu kanaima. Ine ndi mtima wonse ndinatulutsa matikiti aja n'kuonetsa kondakitala. Bamboyo anamwetulira, anapukusa mutu, n'kunena mwaulemu kuti amenewo anatha ntchito pamene tinatsika. Madola ena 24, ndipo kunali kutatsala mphambano zisanu zokha kuti njira ithe.

Ndalamazo zinawawa, koma chinawawa koposa ndi kuona alamu akupisa dzanja m'thumba. "Musadandaule alamu, ndilipira ine." Munthu anali atatilipirira kale chakudya chadzulo lake. Mayi akunyumba anandiyandikira n'kundinong'oneza, "Abambo, si paja munati mwafufuza zonse?" Ndinangoti zii, maso kunyanja.

Pobwerera madzulo, madola enanso 24. Tsiku limodzi, maulendo atatu, madola 72. Usiku womwewo ndili pabedi ndinapeza kuti pali tikiti ya alendo yotchedwa Visitor Passport, imene pa pulogalamu ya pafoni ya MuniMobile inali madola 13 tsiku lonse: cable car kangati kalikonse, mabasi ndi masitima a mumzinda omwe. Atatu tikanalipira madola 39. Madola 33 anapita m'madzi, ndipo tinadzimana kutsika malo ena awiri poopa kulipiranso. Mukangokwera kawiri, tikiti imeneyi yabweza kale ndalama zake. Yapepala yogula pazenera inali madola 24, choncho ikani pulogalamuyo pafoni mukadali pa intaneti ya ku hotela. Samalaninso: pa pulogalamu yomweyo panali tikiti ina ya tsiku ya madola 5, yokopa m'maso, koma imeneyo cable car siikwera.

Tsopano njira zake.

Powell-Hyde ndi imene mumaiona pa zithunzi, ndipo sindinama, kukongola ndiye yapambana zonse. Ndi yaitalinso kuposa zinzake, makilomita 3.4. Mukadutsa Lombard msewu umangogwa, pakati pa Chestnut ndi Bay kutsetsereka kwake ndi 21 peresenti, ndipo kutsogolo kwanu nyanja ili mbee, chilumba cha Alcatraz, ndende ija inatsekedwa mu 1963, chili pakatikati ngati wachiika dala. Amene munatsikapo Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti mukudziwa mmene m'mimba mumachitira. Pamenepo mumamva fungo la nkhuni zopserera. Si moto ayi, ndi mabuleki: ena mwa iwo ndi timatabwa timene timakanikiza njanji, ndipo amatisintha pakangopita masiku ochepa. Kumbuyo kondakitala amakhala akupotokola buleki yake, kutsogolo gripman wagwira chitsulo ndi manja awiri, thupi lonse lapendekera chagada. Popita kunyanja khalani mbali ya kumanja, panja. Njira imathera pa Hyde ndi Beach, pafupi ndi Aquatic Park ndi Ghirardelli Square.

Koma mzere wake! Poyambira pake, pa mphambano ya misewu ya Powell ndi Market, tinafola ola ndi mphindi makumi awiri. Timasitima ta Powell tili ndi kutsogolo kumodzi, choncho tikafika kumapeto amatiika pa bwalo lathabwa lozungulira, anthu awiri n'kukankha ndi misana mpaka katembenuke. Koyamba n'kosangalatsa, aliyense foni m'mwamba. Kachisanu ndi chimodzi ukungowerenga mitu ya anthu amene ali patsogolo pako. Kasitima kamodzi kamanyamula anthu pafupifupi 60, ndiye mutha kudziwerengera nokha kuti mudikira kangati. Anthu odziwa amakwera chitunda pang'ono wapansi kukadikira cha ku bwalo la Union Square, poti oyendetsa kawirikawiri amasiya malo angapo a anthu a panjira. Munthu mmodzi zimatheka. Atatu, ndi mwayi. Njira ina ndi kulawira, isanakwane 9 koloko mmawa. Kumapeto kwa Hyde ndi Beach masana mzere wobwerera ndi womwewo.

Powell-Mason sinditayapo nthawi. Imayambira pa mzere womwewo wa Powell ndi Market, imakwera phiri lomwelo, kenako imapatuka kutsika Mason ndi Columbus Avenue n'kukathera pa Bay ndi Taylor, pamene nyanja simukuiona n'komwe. Mwafola mofanana, mwalipira mofanana, koma Alcatraz wokugwerani m'maso uja palibe. Zikwangwani zake ndi zachikasu, za Hyde ndi zofiira, ndiye yang'anitsitsani musanakwere. Ubwino wake ndi uwiri: imakutsitsani ku North Beach kumene kuli malo odyera a Chitaliyana, ndiponso pobwerera kuchokera ku doko la alendo la Fisherman's Wharf mzere wa pa Bay ndi Taylor umakhala waufupiko. Ife tinabwerera pa imeneyi, ndipo ndi pamene panapita madola 24 achitatu aja. Mwina n'chifukwa chake sindiikonda.

Tsiku lachiwiri, Passport ili pafoni, tinapita kumene California Street imakumana ndi Market, pafupi ndi siteshoni ya Embarcadero. Kasitima kanali chiimire, mkati muli anthu asanu. Panalibe mzere, panalibe woimba gitala wopempha ndalama. Tinangokwera ngati minibasi yopanda woitanira, ndipo aliyense anasankha mpando wapanja umene anafuna. Mtima wanga unatsala pa njira imeneyi, ndipo amene akufuna kunena kuti ndikukondera anene.

Timasitima ta California ndi tokulirapo, ndipo tili ndi kutsogolo mbali zonse ziwiri, choncho satitembenuza. Mipando yapanja ili uku ndi uku. Njirayi ndi yakale kuposa zonse zimene zikuyendabe, inatsegulidwa mu 1878 ndi ndalama za Leland Stanford, yemwe uja wa yunivesite ya Stanford, amene nyumba yake inali pamwamba pa phiri la Nob Hill. Munthu wolemera atatopa ndi chitunda cha kwawo amamanga njanji. Msewu wake ndi wowongoka ngati muvi. Umayamba pakati pa nyumba zitalizitali za mabanki, umadutsa Chinatown pa Grant Avenue pamene pali tchalitchi cha njerwa cha Old St. Mary's cha mu 1854, kenako umakwera osapumira mpaka ku hotela ya Fairmont ndi Grace Cathedral. Pokwerapo tembenukani muyang'ane m'mbuyo. Msewu wonse uli pansi panu, ndipo kumapeto kwake, pakati pa nyumba ziwiri, nsanja ya mlatho wa Bay Bridge yaima yokha. Mayi akunyumba amene dzulo lake sanandilankhule bwino anandigwira mkono pamenepo.

Chimene chinandikoka kwambiri ndi chakuti panali mpata woona ntchito. Pa Hyde ndinaona misana ya anthu ndi mafoni. Apa ndinakhala mkono umodzi kuchokera kwa gripman, bambo wa magolovesi achikopa okuda ndi girisi. Phazi lili pa buleki, dzanja lina pa chitsulo choluma chingwe, lina likukoka kachingwe ka belu, nge-nge, nge-nge-nge, mwakayimbidwe kakekake, poti aliyense ali ndi kaimbidwe kake ndipo amachita kupikisana pa Union Square. Ntchitoyi ndi ya mphamvu moti mayi woyamba kuigwira, Fannie Mae Barnes, anayamba mu 1998, patatha zaka 125. Mayi wina wokalamba anakwera pa Grant ndi thumba la ndiwo zamasamba, anapereka moni kwa kondakitala ngati mnansi, n'kutsika mphambano zinayi kutsogolo. Kwa iye imeneyi ndi basi ya kwawo.

Pa mphambano ya California ndi Powell njira zimapingasana, ndipo pamenepo tsikani muone. Chingwe cha California chimadutsa pamwamba poti ndicho chinayamba kufika. Ndiye gripman wa ka Powell amayenera kusiya chingwe chake, kasitima n'kuwoloka ndi liwiro lokha limene kabwera nalo, kenako n'kulumanso kutsidya. Pakona pali kanyumba kakang'ono ka munthu wopereka zizindikiro kuti awiri asakumane pakati. Ndi tikiti ya ulendo umodzi simungatsike kukaona zimenezi, poti kutsikako ndi kulipiranso. Ife tinatsika, tinaonerera katatu, kenako tinakwera ka Hyde pomwepo, poti anthu ambiri amatsikira chakumeneko. Phiri loonera Alcatraz lija tinalitsikanso osafola ngakhale mphindi khumi.

Zofooka za California ndizinene, ndisaoneke ngati andilipira. Ndi yaifupi, makilomita 2.3. Siifika kunyanja. Ikatsika Nob Hill imakathera pa Van Ness Avenue, msewu waukulu wa magalimoto pamene mlendo alibe choona, ungotsika n'kukweranso kubwerera. Amene ali ndi ana ofuna kuona kasitima kakutembenuzidwa ndi manja, kuno sakaona.

Musachoke osalowa mu Cable Car Museum pa Washington ndi Mason. Kulowa ndi kwaulere, njira ziwiri za Powell zimadutsa pomwepo, ndipo kuchokera pa California ndi kutsika mphambano zitatu wapansi. Si nyumba ya zinthu zakufa ayi. Ndi pamene pali makina okoka zingwe zonse zinayi, magudumu akuluakulu akuzungulira pansi panu, lililonse lolembedwa dzina: Hyde, California, Mason, Powell. Phokoso lake mumachita kukuwirana. M'menemo ndi mmene ndinadziwira kuti chivomezi cha 1906 chinawononga njira zambiri, ndi kuti mu 1947 meya Roger Lapham anafuna kuchotsa timasitima ta Powell n'kuika mabasi, koma mayi Friedel Klussmann anasonkhanitsa amayi anzake mpaka nkhani inapita ku voti ndipo timasitima tinapambana.

Zing'onozing'ono ziwiri. Mumzindamo muli mabasi a matayala ovekedwa matabwa ndi belu kuti azioneka ngati cable car, amanyamula alendo pa mtengo wawo. Ngati pansi palibe njanji ndi kampata ka chingwe, imeneyo ndi basi. Ndipo tengani jekete. Julayi wa ku San Francisco ndi wa nkhungu ndi mphepo yochokera kunyanja, kuzizira kwake ngati Juni wa ku Dedza, ndipo mukaima pa chopondera cham'mbali imakulowani mpaka m'mafupa. Chikwama chapamsana chiikeni kutsogolo, poti timasitima tikamapambanitsana timayandikana zedi.

Ndiye msuweni, poti muli ndi masana amodzi okha msonkhano ukatha: Passport pafoni, kwerani California kuchokera ku Market, tsikani pa Powell, dikirani cha chikwangwani chofiira, khalani kumanja. Mzere wa pa Powell ndi Market mukauone podutsa. Ngati mwaumirira tikiti imodzi ya ulendo umodzi, ndiye Hyde, mmawa kwambiri, ndipo pa Lombard musatsike ngakhale onse atsike.

Matikiti atatu akufa aja mayi akunyumba anawasunga m'kachikwama kawo. Ndikangoyamba kunena kuti ulendo wakutiwakuti ndafufuza kale, amawatulutsa n'kuwaika patebulo osalankhula kanthu.