Ryder Cup kapena Presidents Cup: Wokonda gofu aonere uti?

Ryder Cup inayamba mu 1927 ku Worcester, Massachusetts, m'dziko la America, ndipo kuyambira 1979 America imalimbana ndi timu ya Ulaya yense. Presidents Cup inayamba mu 1994, ndipo imakumanitsa America ndi osewera a mayiko ena onse kupatula a ku Ulaya.

Ryder Cup imatenga masiku 3 ndipo matimu amalimbirana mapointi 28.
Presidents Cup imatenga masiku 4 ndipo mapointi ake ndi 30.

Kusiyana kwenikweni kuli pa zotsatira. Ulaya wagonjetsa America kambirimbiri, pomwe mu Presidents Cup timu ya mayiko ena yapambana kamodzi kokha, mu 1998 pa bwalo la gofu la Royal Melbourne ku Australia, ndipo mu 2003 ku Fancourt, South Africa, matimu awiriwa anafanana mphamvu.

Wofuna mpikisano wa wafawafa, wosadziwika mwini chikho mpaka tsiku lomaliza, aonere Ryder Cup. Presidents Cup ikuyenera wofuna kuchemerera osewera a ku Africa, popeza timu ya mayiko ena inatsogoleredwapo katatu ndi Nick Price wa ku Zimbabwe.