Samsung Galaxy A15 itagwira ntchito kupitirira chaka: ndalama yake ili pati?

Samsung inatulutsa Galaxy A15 mu Disembala 2023, ndipo yanga ndinagula chapakati pa 2024. Ndi ija ya 4G, yokhala ndi RAM (memori imene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu otsegulidwa) ya 6GB ndi malo osungira zinthu a 128GB. Ndimagulitsa zitenje ndi nsalu zina, ndipo makasitomala anga ambiri sitionana n'komwe maso ndi maso. Amaona katundu pa WhatsApp, timagwirizana mtengo, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ine n'kukapereka katunduyo pa basi. Motero foni imeneyi siipuma, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona itakalambako, osati za sabata yoyamba pamene chilichonse chatsopano chimakoma.

Ndiyambe ndi mtengo, popeza ndi umene aliyense amayamba kufunsa. Itangotuluka, ku Britain ya 4G inkagulitsidwa mapaundi 169, ndipo ku America ya 5G inali madola 199.99. Kumeneko ndi foni ya mtengo wotsika. Kuno inafika patangopita nthawi yochepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 kubanki. Amalonda ambiri obweretsa mafoni sapezanso madola pa mtengo wa kubankiwo, ndiye mtengo wa m'sitolo umangosinthasintha. Foni imene anzathu akunja amagulira mwana wasukulu, ife timaisungira ndalama miyezi. N'chifukwa chake funso langa lalikulu pogula silinali loti kamera yake ndi ya mamegapikiselo angati, koma loti foni imeneyi indifikitsa chaka chiti.

Dziwaninso kuti mtengo umene walembedwa pashelefu si wonse. M'bokosi mumapeza foni, chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri, ndi kachitsulo kotsegulira malo a SIM khadi. Mutu wa chaja mulibe. Mitu yakale ija imene tili nayo m'nyumba, ya bowo lalikulu, chingwe chimenechi sichilowamo. Foniyi imatha kutchaja pa mphamvu ya 25W, koma zimenezi zimatheka pokhapokha mutagula mutu woyenerera. Mitu yotchipa ya pamsika imatchaja ndithu, koma mwachidodo, ndipo ina imatentha moti ine sindingaisiye pakhoma ndikugona. Onjezanipo kava ndi galasi loteteza sikirini. Thupi la foniyi ndi lapulasitiki, kumbuyo kwake n'koterera, ndipo ilibe chiphaso choti madzi kapena fumbi sizingalowe. Nyengo yamvula ndimaiika m'kajumbo ndikamakwera kabaza. Zonsezi muziwerengere limodzi musanachoke kunyumba.

Chinthu chimene sichinandikhumudwitse ngakhale tsiku limodzi ndi sikirini. Ndi ya mainchesi 6.5, ya mtundu wa Super AMOLED, madontho 1080 ndi 2340, ndipo imasintha chithunzi ka 90 pa sekondi, n'chifukwa chake mukamatsitsa mauthenga ndi chala zimayenda mofewa. Galaxy A14 imene inalipo iyi isanabwere inali ndi sikirini ya LCD, ndipo mukaziika pamodzi kusiyana kwake kumaonekera pomwepo. Pa AMOLED malo akuda amakhala akudadi chifukwa timadontho ta pamenepo timazimiratu. Kwa munthu wogulitsa nsalu zimenezi n'zofunika kwambiri: ndikalandira zithunzi kuchokera kwa amene ndimaoda nawo, ndimatha kusiyanitsa buluu wakuda ndi wakuda weniweni ndisanatumize ndalama. Padzuwa la mu Okutobala masana imawerengeka, ngakhale nthawi zina ndimaiphimba ndi dzanja. M'mphepete mwake muli mzere wakuda wokulirapo, makamaka m'munsi, koma maso amazolowera msanga.

Batire ndi la 5,000mAh. Ikadali yatsopano, ndinkadzaza usiku, n'kugwira nayo ntchito tsiku lonse, pogona n'kutsala ndi moto wokwanira kufika nawo m'mawa mwake. Panopa latsikako pang'ono, monga amachitira mabatire onse, koma tsiku lathunthu limakwanabe. Ndikagwiritsa ntchito mutu wa 25W limadzaza pa ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo, ndipo theka la ola lokha limandipatsa moto wokwanira kuyenda nawo m'tauni. Masiku amene magetsi amazima m'mawa n'kuyaka usiku, kapena kungoyaka kanthawi masana, liwiro limeneli ndi limene limapulumutsa bizinesi. Zinthu ziwiri zandithandiza kulisamala: ndinaika sikirini pa mtundu wakuda, umene pa AMOLED umadya moto wochepa, komanso masiku amene ndili pakhomo ndimayatsa Battery protection, imene imaletsa batire kudzaza mpaka 100 peresenti. Chimene chimamaliza moto msanga ndi malo amene netiweki ndi yofooka. Ndikapita kumudzi foni imalimbana ndi kufunafuna netiweki, ndipo batire limatha msanga kusiyana ndi m'tauni ngakhale ndisakuigwira.

Za kamera ndinene mosabisa. Kumbuyo kuli makamera atatu: yaikulu ya 50MP, ina yojambula malo otambalala ya 5MP, ndi ina yojambula zinthu zapafupi kwambiri ya 2MP. Kutsogolo kuli ya 13MP. Pa atatu akumbuyowo, imene imagwiradi ntchito ndi yaikuluyo. Masana, pamthunzi wa khonde, imajambula zitenje bwino kwambiri moti maluwa ang'onoang'ono ndi ulusi zimaoneka. Koma imakonda kukoleza mitundu. Chofiira chimatuluka chofiira kwambiri, chobiriwira chimawala kuposa mmene chilili. Pa zithunzi za ukwati zimenezi n'zokoma, koma pa malonda n'zoopsa, chifukwa mayi amene waitanitsa yunifomu ya chinkhoswe kapena ya kwaya akufuna mtundu umene anauona pafoni, osati wofanana nawo. Chimene ndimachita n'kujambula pamthunzi osati padzuwa, kuika pepala loyera pambali pa nsalu, n'kutsitsako kuwala pang'ono ndi chala ndisanajambule. Ndikatero mtundu umayandikira weniweni. Usiku, kapena m'nyumba ya babu limodzi, zithunzi zimachita mbuu, ndipo mwana akangosuntha nkhope imasokonekera. Kamerayi ilibe chogwirira galasi kuti lisagwedere, ndiye vidiyo yojambula mukuyenda imanjenjemera, ndipo siipitirira 1080p. Ya 2MP ija ndinaiyesa masiku oyamba basi.

Pali nkhani ina imene ogulitsa satchula, koma kwa ife ndi yaikulu. Katireyi ka SIM khadi kali ndi malo awiri okha. Mukhoza kuikamo ma SIM khadi awiri, kapena SIM khadi imodzi ndi memori khadi. Zitatu zonse pamodzi sizitheka. Kuno ambirife timayenda ndi manambala awiri, wa Airtel ndi wa TNM, chifukwa kasitomala amatumiza ndalama pa netiweki imene ali nayo, ndipo bandulo timagula kumene kwatchipa. Ndiye kwa ine memori khadi palibe, ndimadalira 128GB yomweyo. Poyamba imaoneka yambiri. Koma gulu la mpingo, la banja, la makolo akusukulu, la banki m'khonde, onsewa amatumiza mavidiyo tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo zithunzi zanga za katundu pa WhatsApp Business. Ndinazimitsa zoti mavidiyo azidzitsitsa okha, ndipo mwezi uliwonse ndimalowa mu Manage storage ya WhatsApp kukafufuta zazikuluzikulu. Amene ali ndi nambala imodzi vuto limeneli sadzaliona. Amene ali ndi awiri ndipo thumba likulola, ya 256GB ilipo.

Mkati mwake muli purosesa ya MediaTek Helio G99. Si yothamanga ngati ya mafoni odula, koma pa WhatsApp, Facebook, TikTok, YouTube ndi mapulogalamu a banki imakwana. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi RAM. Mng'ono wanga ali ndi A15 yomweyi koma ya 4GB, ndipo takhala tikuziyerekeza. Pa yake, akachoka pa WhatsApp kupita pa kamera, kenako n'kubwerera, nthawi zambiri amadikira kuti pulogalamu itsegukenso. Pa yanga zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo, makamaka ndikatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. Musanyengedwe ndi mawu oti RAM Plus, kapena wogulitsa akamati foni ili ndi 4GB kuphatikiza 4GB ina. Yowonjezerayo imangobwerekedwa ku malo osungira zinthu, ndipo siyothamanga ngati RAM yeniyeni. Ngati pali pamene muyenera kuwonjezera ndalama pa foni imeneyi, ndi pa 6GB kapena 8GB.

Sipika ndi imodzi, ili m'munsi, ndipo mukagwira foni chopingasa chikhatho chimaitseka. Bowo la mahedifoni a chingwe lilipo. Chala chimawerengedwa pa batani la m'mbali, ndipo limatsegula msanga kupatula ngati m'manja muli thukuta kapena mafuta.

Tsopano chimene ndinaigulira. Samsung inalonjeza kuti A15 idzalandira Android watsopano kanayi, ndi zokonza chitetezo kwa zaka zisanu. Inatuluka ndi Android 14, kutanthauza kuti ikuyenera kufika pa Android 18, ndipo chitetezo chake chizikonzedwabe mpaka chakumapeto kwa 2028. Mafoni ambiri a mtengo umenewu amalandira Android watsopano kamodzi kapena kawiri, ena osalandira n'komwe. Ena amaona ngati zimenezi n'za anthu okonda makompyuta, koma taganizani: mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android wakale kuposa 5.0, ndipo mapulogalamu a mabanki nawonso amakweza malire awo pakapita nthawi. Foni ikhoza kukhala yamoyo, sikirini yosasweka, koma mapulogalamu amene mumadyera atakukanani. Ndiponso foni imene imasunga ndalama za bizinesi ndi manambala a makasitomala siyofunika kukhala ndi mabowo a chitetezo amene akuba a pa intaneti anawadziwa kalekale.

Lonjezolo mpaka pano likusungidwa. Mu 2025 yanga inalandira Android 15 ndi One UI 7, maonekedwe amene Samsung imaika pamwamba pa Android. Maonekedwe anasintha ndithu: mukatsitsa chala kuchokera pamwamba kumanzere mumaona mauthenga, kumanja mumaona mabatani a Wi-Fi, tochi ndi zina. Kwa amene sakuzikonda, pali pozibwezera kuti zikhale pamodzi ngati kale, ndipo ndi zimene ndinawachitira amayi anga aang'ono pa foni yawo. Chenjezo langa ndi la bandulo. Kusintha kwakukulu kotere kumadya magigabaiti angapo, choncho dikirani pamene muli pa Wi-Fi kapena gulani bandulo ya usiku, ndipo batire likhale lodzaza. Masiku awiri kapena atatu oyamba foni imafundako ndipo moto umatha msanga, kenako imakhazikika. Musathamangire kwa okonza mafoni.

Sindikudabwa kuti a Counterpoint Research, kampani yofufuza za malonda a mafoni, anaika A15 ya 4G ndi ya 5G yomwe pa mafoni khumi amene anagulidwa kwambiri padziko lonse mu 2024. Za 5G, kuno ikupezeka m'malo ochepa a m'tauni, ndiye kwa ambirife ndalama yowonjezerayo ndi bwino ipite ku RAM.

Kodi lero ndi yogulabe? Chakumapeto kwa 2024 kunatuluka Galaxy A16. Ya 4G ili ndi purosesa yomweyi ya Helio G99, sikirini yokulirapo ya mainchesi 6.7, chitetezo cha IP54 ku fumbi ndi madontho a madzi, ndiponso lonjezo la zaka 6 za Android ndi chitetezo. Koma bowo la mahedifoni analichotsa. Ngati mitengo ya ziwirizi yayandikana m'sitolo, tengani A16, chifukwa zaka za A15 zinayamba kale kuwerengedwa kuyambira pamene inatuluka, osati pamene inu mwaigula. Ngati A15 ya 6GB yatsika mtengo moonekeratu, kapena mumadalira mahedifoni a chingwe, ikadali foni yabwino.

Ambiri aigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye samalani. Imbani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, imene ndi chizindikiro cha foni iliyonse payokha, muifananize ndi ya pabokosi ngati lilipo. Onetsetsani kuti mwini wake wachotsamo akaunti yake ya Google ndi ya Samsung inu mukuona. Funsani ngati si ya ngongole, chifukwa mafoni olipira pang'onopang'ono amatsekedwa patali mwini wake akasiya kulipira, ndipo wotsala m'madzi ndi inu. Pomaliza tsegulani chithunzi chakuda bii m'chipinda chamdima. Ngati sikirini ikuwala motuwa m'malo mozimiratu, ndiye kuti yoyambayo inasweka ndipo anaikamo LCD yotchipa, choncho mtengo utsike kapena muisiye.