Ngongole za ku UK zatsala pang'ono kundidyera poloti ya ku Area 25

Abale anga kumudziko, makamaka inu amene mumaganiza kuti munthu akangotera pa Heathrow ndiye kuti mavuto atha, mverani zomwe zandionekera ine kuno ku Leicester. Ndimagwira ntchito yosamalira agogo m'makomo mwawo. Ngongole yanga inafika £14,000, makhadi a ngongole atatu ndi loni imodzi, ina ndinatenga pa maliro a mayi, ina ya visa ya ana, ina ya fizi ya mng'ono wanga. Makalata ndinasiya kutsegula, ndinkangowaunjika mu jumbo pansi pa bedi.

Ndiye ndinaona chilengezo pa Facebook chakuti timafafaniza ngongole. Ndinangolemba nambala, pasanathe ola mnyamata wina wayimba, mawu okoma ngati mbale wako, akuti amayi musadandaule lowani IVA, ndiko kuti mgwirizano wobweza ngongole pang'onopang'ono, muzingopereka £180 pamwezi kwa zaka 5 zotsalazo zikhululukidwa. Sanandiuze kuti ndalama za miyezi yoyambirirayo zambiri zimapita ku ma fee awo. Ndinapereka miyezi 14, £2,520 yonse, kenako mashifiti anandichepera ndalephera kupereka IVA yagwa. Pofunsa kuti ngongole yatsika bwanji ndinapeza yatsika ndi £600 chabe. Mnyamata uja foni osayankhanso. Mtima umandiwawa mpaka lero.

Amene anandiuza zoona ndi mayi wina wa ku bungwe lothandiza za ngongole mwaulere, sanatenge ngakhale 1 paundi. Anakhala nane maola awiri tikutsegula makalata a mu jumbo aja limodzi limodzi. Anati pali DRO, njira yofafanizira ngongole za anthu opeza zochepa, imene kuyambira 2024 sulipira kanthu ndipo imalola ngongole mpaka £50,000, koma katundu wako asapose £2,000 ndipo ndalama yokutsalira pamwezi isapose £75. Ine ndasangalala kale, iwo nkufunsa kuti kwanu muli ndi malo? Ndinati kapoloti chabe ku Lilongwe, maziko okha. Anati nako kamawerengedwa, katundu ndi katundu kaya ali ku Malawi. DRO inathera pomwepo.

Inatsala bankruptcy, kulengezedwa mwalamulo kuti walephera kubweza ngongole. Kuti uvomereze kuti ulibe ndalama uyenera kulipira £680, tangoganizani. Official receiver, wa boma woyang'anira nkhani za bankruptcy, anafuna masitetimenti a ku banki, ndalama iliyonse yomwe ndinatumiza kumudzi anafunsa kuti inapita kwa ndani, ngakhale £900 yomwe ndinabweza kwa msuweni wanga anaifunsa chifukwa sufunika kubweza wachibale n'kusiya ena. Poloti ija achimwene anachita kugulitsa ng'ombe kuti aiwombole. Pakatha miyezi 12 amakumasula, koma dzina limakhala loipa zaka 6, ndipo ukamatsala ndi kangachepe pamwezi atha kumakudula mpaka zaka 3. Chindapusa cha kukhoti, ndalama yothandizira ana ndi student loan sizifafanizika. Ena amati lembetsa poloti m'dzina la mlongo wako usanalowe bankruptcy, musayerekeze, amayang'ana zaka 5 m'mbuyo ndipo kubisa katundu ndi mlandu.

Inu amene mumatiyimbira pa WhatsApp kuti tumizani tikhome malata, ambiri kuno tikutumiza za pa khadi, si zathu. Mng'ono wanga ndamuuza kuti fizi ya temu ino ndilibe, wakwiya, sakundiyankhula sabata yachitatu ino.