Supageti, machesi, mipeni kapena nsungwi: masewera omanga oyenera ana athu ndi ati?

Aphunzitsi anzanga, funso lomwe mumanditumizira pa WhatsApp ndi limodzi lokhalokha: pa masewera omanga aja timachita ndi ana Loweruka ku Matawale kuno ku Zomba, inu muyambe ndi ati? Chala chatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano kamodzi.

Ndikunena masewera aja umapatsa gulu zipangizo zowerengeka n'kulilamula kumanga chinthu chooneka ngati chosatheka, pomwe yankho labisala pambali, kumene maganizo sathamangirako. Edward de Bono wa ku Malta ndiye adatchukitsa kaganizidwe kotere kuyambira 1967.

Ndiyambe ndi nsanja ya supageti, chifukwa ndi yomwe aliyense amaiona pa YouTube n'kuikhumbira, komanso ndi yomwe idandidyera ndalama. Anthu anayi amalandira timitengo 20 ta supageti wosaphika, tepi ndi ulusi zosakwana mita imodzi chilichonse, ndi marshmallow mmodzi (kaswiti kofewa ngati thonje) woti akhale pansonga. Nthawi ndi mphindi 18. Adayambitsa ndi Peter Skillman, koma idafalikira Tom Wujec ataikamba pa msonkhano wa TED mu 2010. Iye adati ana a ku mkaka amaposa omaliza maphunziro a zamalonda. Akuluakulu amatha nthawi kukangana za pulani, n'kudzaika marshmallow pa mphindi yomaliza, nsanja n'kugwada. Ana amamuika poyamba pomwe, n'kumakweza pang'onopang'ono. Msampha wake ndi womwewo: kaswiti kaja kamaoneka kopepuka, koma kwa supageti ndi katundu.

Phunziro lake ndi labwino, sindikana. Chomwe makanema aja sanena n'chakuti masewerawa amadya zipangizo zake. Supageti akathyoka wathyoka. Tepi ikamatidwa siibwerera pa mpukutu. Tsono phunziro lonse likuti yesani, igwe, yesaninso, pomwe kuyesanso kulikonse kukutanthauza kupisanso m'thumba. Ana athu atangoona nsanja zawo zagwa adakuwa kuti "Sala, tibwereze!" ndipo ine ndidalibe chowapatsa. Marshmallow nayenso sugula mmodzi ayi, amabwera paketi yathunthu, ndipo si wopezeka m'maokala a ku Chinamwali kapena ku Sadzi, umachita kuzungulira masitolo a m'tauni. Kukatentha ngati mu Okutobala amafewa n'kumatsetsereka pa kamtengo. Wotsala ndi wa nyerere, ngati ana sadamumeze kale pomwe mwatembenuka.

Koma chidandipweteka kwambiri si ndalama. Agogo ena obwera kudzatenga mdzukulu adaima pakhomo n'kumayang'ana tizidutswa ta supageti titamwazika pansi, ana akutiponda. Adangoti, "Aphunzitsi, kodi chakudya tayamba kusewera nacho?" Ana ambiri amafika Loweruka osalawa kanthu m'mawa, ndipo kwa ena supageti ndi wa pa Khirisimasi. Kumayiko komwe masewerawa adabadwira mwina palibe woona chachilendo. Kuno kuthyola chakudya pamaso pa mwana wanjala n'kumuuza kuti akuphunzira kuganiza ndi chipongwe, ndipo ine sindidzabwerezanso.

Machesi alibe vuto limeneli. Bokosi limodzi likwanira kalasi yonse. Perekani timitengo 6 muti apange mathirayango 4 ofanana, osathyola kamtengo. Adzakwawa pa desiki mpaka wina adzatulukire kuti 3 tigone pansi, 3 tiime n'kukumana pamwamba. Kukoma kwake n'kwa tsiku limodzi basi. Mwana mmodzi akangodziwa yankho, pofika Lolemba sukulu yonse yadziwa, ndipo palibenso choti n'kumanga.

Mabotolo ndi mipeni, omwe de Bono mwiniwake ankagwiritsa ntchito, ali patsogolo pa machesi. Imikani mabotolo atatu a Fanta motalikirana pang'ono kuposa utali wa mpeni, muti amange pokhazika tambula yodzaza madzi pakati, mpeni osakhudza tebulo. Chigwiriro chilichonse chimakhala pakamwa pa botolo, ndipo nsonga ya mpeni uliwonse imagona pa unzake kwinaku wokha utanyamula wachitatu. Palibe wogwa chifukwa aliyense wasenzedwa ndi mnzake. Perekani mipeni inayi ngakhale yofunika ndi itatu, muone mmene wachinayiwo uwazunguzire mitu, poti mwana akapatsidwa chinthu amakhulupirira kuti chiyenera kugwira ntchito. Chovuta n'chakuti m'nyumba zathu mipeni yodyera yobuntha ija njosowa, ndipo wodulira masamba simungampatse mwana wa Sitandade 5. Marula amatabwa amalowa m'malo bwinobwino. Apulasitiki amaterera ndi kupindika, musataye nawo nthawi.

Mtima wanga uli pa mlatho wa nsungwi, ndipo sindibisa. Chithunzi chake adachijambula Leonardo da Vinci, ndipo chili m'mipukutu yake ya Codex Atlanticus ku Milan: mlatho wopanda msomali, wopanda chingwe. Ife timapereka timitengo ta nsungwi 15 pa gulu, 10 titalitali ndi 5 topingasa, n'kuika mabuku awiri pansi ngati magombe a mtsinje wa Likangala. Funso loyamba limabwera mphindi isanathe: "Nanga luzi lili kuti?" Luzi palibe. Apa ndiye pagona masewera onse, chifukwa mwana wa kuno adaona khola, thandala ndi mpanda, zonse zomangidwa ndi luzi, ndipo mutu wake umakana kuti mitengo ingagwirane yokha. Timitengo titalitali timayenda tiwiritiwiri. Pakati pake pamagona kopingasa, pomwe nsonga zake zimatsamira pa topingasa toyandikana nato. Zikalukana choncho mlatho umadzuka wokha n'kukhala ngati uta, ndipo mukaika njerwa pamwamba, kulemera komweko ndiye kumaufinya kuti ugwirane kwambiri.

Ukagwa palibe chatayika. Mumatola timitengo tomweto n'kuyambiranso, kachisanu kaya kakhumi, ndipo sabata yamawa tikadalipo. Kudziwa yankho sikupha masewerawa ngati machesi, pakuti manja ayenera kuphunzira okha, ndiye mukhoza kutalikitsa magombe kapena kuchotsako timitengo titatu n'kuona ngati angaoloke. Nsungwi ku Zomba sitisowa. Pitani kwa oluka madengu ku msika mukapemphe zotsalira, kapena mudule nokha.

Nayonso ili ndi zake. Khungu la nsungwi ndi loterera, choncho muing'ambe n'kuipala, mbali yokhakhala ikhudzane ndi inzake, ndipo m'mphepete mupalenso bwino chifukwa nsungwi yong'amba imacheka chala ngati lezala. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo athunthu, ya inu aphunzitsi, osati ya ana. Mlathowu ndi wamphamvu ukapanikizidwa kuchokera pamwamba, koma ukakankhidwa cham'mbali umaphwasuka nthawi yomweyo, ndiye magulu muwakhazike motalikirana, pa simenti yokhakhala kapena pa dothi.

Ngati muli ndi Loweruka limodzi lokha, tengani mabotolo ndi marula, chifukwa mwana amene wamvetsa mmene marula atatu amasenzerana savutika akadzafika pa nsungwi. Ngati kalabu yanu ndi ya teremu yonse, yambani kupala nsungwi sabata ino.