Situdiyo ya zithunzi pa boma la Thyolo: anandifufutira ndege, mnyamata wawo n'kuibweza

Ndawapatsa nyenyezi zitatu, koma ziwiri mwa zitatuzo ndi za mnyamata amene amakhala pakompyuta, osati za mwini situdiyo.

Ndinapita ndi chithunzi chimodzi chokha. Malemu bambo anga ataima pabwalo la ndege la Chileka m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene ankayendetsa galimoto pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Kachithunzi kochepa ngati chikhatho, kofiirira, kona imodzi inadyedwa ndi njenjete m'sutikesi ya mayi. Kumbuyo kwa bambo kuli ndege. Kwathu aliyense amati ndi Dakota, poti kwa akuluakulu athu, makamaka amene anakwerapo ndege popita ku Wenela, ndege iliyonse yakale ndi Dakota basi. Ine ndakhala ndikukayika kwa zaka zambiri. Mimba ya ndege ija ndi yonenepa mopitirira.

Ndinafotokoza momveka bwino pakauntala. Ndinati nkhope ya bambo ndikuidziwa, chimene ndikufuna ndi ndegeyo. Musadule paliponse, musapake mtundu, ingokulitsani. Anavomera, n'kulandira K15,000 yawo ija ya A4 ndi fulemu, nati ndibwere Lachinayi.

Lachinayi ndinakwera minibasi kuchokera ku Luchenza mtima uli dyokodyoko. Atanditulutsira fulemu ija ndinangoti kakasi. Bambo anga awapaka mitundu, shati yasanduka yabuluu, khungu losalala ngati la khanda, mpaka chipsera cha pachipumi chimene tonse tinkawadziwira chapita. Nanga ndege? Mchira anaudula kuti munthu akhale pakati. Zilembo za pathupi la ndege zasungunuka ngati sopo wagwera m'madzi. Pulopela, pamene ndinkadalira kwambiri, yangokhala chibanthu chotuwa ngati wina wapakapo phala. Anachilowetsa m'kapulogalamu kaja koyeretsa zithunzi, kamene kamakonza nkhope n'kuyesa zina zonse ndi litsiro.

Nditadandaula, mwini wake sanadzuke n'komwe pampando. Anati, “Madala, anthu amalipira kuti nkhope iwale. Ndege imeneyi mukufuna muikwere?” Anyamata awiri amene ankadikira zithunzi zapasipoti anaseka. Ndinapempha ndalama yanga, anati pepala ndi inki zapita kale. Ndipo pondibwezera chithunzi choyamba chija ndinaona chidindo cha chala chamafuta pakona yakumanzere. Chidindocho chilipobe mpaka lero, ndipo chimenechi sindinawakhululukire.

Mwina wina afunsa kuti nanga vuto n'chiyani, ndege ndi ndege. Ayi. M'zaka zimenezo kampani ya Central African Airways, yomwe inayamba mu 1946 n'kumatumikira Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, inali ndi Douglas DC-3, imene timaitcha Dakota, komanso Vickers Viking. Munthu akaziona patali amangoti n'zapachibale: zonse zili ndi injini ziwiri, zonse zimakhalira kagudumu kakumchira mphuno itayang'ana kumwamba. Kusiyana kuli pa tinthu tating'ono. Pulopela ya Dakota ili ndi timapiko titatu, ya Viking tinayi. Mapiko a Dakota amatulukira pansi pa mimba, pamene a Viking amatulukira chapakati pa thupi, moti chitsulo chachikulu chogwira mapiko chinkadutsa m'kati momwe mumakhala anthu ndipo okwera ankachita kuchilumpha. Mapiko amenewo anatengera kwa ndege yankhondo ya Wellington. Dakota inayamba kuuluka mu 1935 ndipo zinapangidwa zambirimbiri, zina zikuulukabe. Viking inayamba mu 1945, zinali zochepa, ndipo n'zosowa ngakhale pazithunzi. Ndiye mukafufuta pulopela n'kudula mchira, mwandilanda mayankho onse.

Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo woti ndikafika kunyumba ndilembe zoti munthu asadzapondeko. Ndisanafike pamsewu, mnyamata wa pakompyuta uja anandithamangira. Anati, “Bambo, pepani, ndinangotsatira zimene ndinauzidwa. Mubwere Loweruka m'mawa magetsi akayaka, tichitenso.” Sindinamukhulupirire kwenikweni, komabe ndinapita.

Apa ndiye mtima wanga unatembenuka. Anasamba m'manja kaye, n'kupukuta galasi la sikana ndi kansalu, n'kugwira chithunzi m'mbalimbali mmene chimayenera kugwiridwira. Anachita sikani pamlingo wapamwamba kwambiri wa makina awo, moti inatenga nthawi ndithu, ndipo kapulogalamu kaja sanakayandikire. Kenako anandikokera mpando. Tinayamba kukulitsa pang'onopang'ono, iye akusintha kuwala, ine ndikuloza ndi chala pasikirini. Pa injini yakumanzere, pamwamba pa phewa la bambo, panayamba kuoneka mizere. Ndinamuuza kuti tikaona chooneka ngati mphanda ya legeni ndiye kuti ndi timapiko titatu, tikaona mtanda ndi tinayi. Anachepetsa kuwala pang'ono. Mtanda, woonekeratu, ngati wa pamwamba pa tchalitchi.

Ndinakhala chete. Mnyamatayo ndiye anafuula kuti, “Ndi Viking, bambo!” chikhalirecho dzinalo analimva koyamba m'mawa womwewo.

Tinapita kumchira. Zilembo zinatuluka zitatu, VP-Y, zotsalazo zinabisika ndi makwerero okwerera ndege. Zimenezo n'zilembo zimene ndege za Central African Airways zinkanyamula, kusanabwere 7Q yathu ya Malawi. Ndinatumiza chithunzicho kwa anzanga okonda ndege pa WhatsApp, ndipo gogo wina amene anagwirapo ntchito ku Chileka anayankha nthawi yomweyo kuti mimba imeneyo sangaiiwale. Anakangana nafe pang'ono za chaka, koma za mtundu wa ndege palibe anatsutsa.

Mnyamatayo anapulinta china chakuda ndi choyera, chathunthu, mchira ndi chipsera cha bambo zonse zilipo, n'kundiikiranso pafulashi. Anati pepalalo alipira yekha. Ndinakana, ndinamupatsa K5,000 m'manja mwake. Mwini situdiyo analowa tikumaliza, anayang'ana pasikirini, n'kungoti, “Oho, mwaipeza ndege yanu.” Pepani sanatuluke pakamwa pake.

Kunena zoona makina awo ndi abwino, pepala ndi lolimba, ndipo fulemu sinapindike ngakhale kuno chiperoni chimanyowetsa makoma. Ngati mukufuna chithunzi cha ukwati kapena cha pasipoti, pitani, mtengo ndi womwewo wa kulikonse. Koma ngati ndi chithunzi chakale chimene muli nacho chimodzi chokha, musachisiye pakauntala n'kuchoka. Khalani pomwepo, nenani kawiri kuti simukufuna kuyeretsa, ndipo funsani mnyamata wa pakompyuta.

Ndili ndi china cha amalume anga ataima pafupi ndi ndege ya Air Malawi, injini imodzi yokha ikuoneka. Abale akuti ndi Viscount, ine ndikuganiza kuti ndi HS 748, ndipo kuti tidziwe pafunika kuona ngati paphikolo pali injini ziwiri monga pa Viscount kapena imodzi monga pa HS 748. Ndikachipititsa konko Loweruka likubwerali, koma ndiyamba ndaimba foni kufunsa ngati mnyamatayo alipo.