Ajenti wa ku India amene ananditumiza ku Tbilisi kukaphunzira udokotala: nyenyezi 3 mwa 5

Kampani imene ndikuinena pano ndi ya ku India, ndipo ntchito yake ndi kupezera ana malo m'mayunivesite a zaudokotala a kunja. Ndinadzera kwa iwo mu 2021 pobwera ku Tbilisi, likulu la dziko la Georgia, ndipo pano ndili m'chaka chachisanu cha maphunziro a zaka 6. Dzina lawo ndi la sukulu yanga sinditchula. Makampani otere alipo ambirimbiri, ndipo zimene ndamva kwa anzanga amene anadzera kwa ena sizisiyana kwenikweni. Ndawapatsa nyenyezi 3 mwa 5. Pa mapepala ndi kulandira mlendo ndi akatswiri. Koma pa nkhani yoti mwana adzatulukadi ali dokotala wololedwa kugwira odwala kwawo, sanatiuze zokwanira, chonsecho makolo amagulitsa minda ndi kutenga ngongole chifukwa cha chimenechi.

Makasitomala awo pafupifupi onse ndi Amwenye. M'gulu lomwe tinafika limodzi Mmalawi ndinali ndekha, ena onse anali a ku Kerala, Gujarat, Maharashtra ndi Tamil Nadu. Chimene chimawatulutsa kwawo ndi mayeso a NEET, olowera sukulu za udokotala ku India. Chaka chilichonse amalemba anthu opitirira 2 miliyoni, pomwe malo a MBBS, digiri ya udokotala, m'dziko lonse la India ndi opitirira 100,000 chabe. Pafupifupi theka la malowo lili m'makoleji omwe si a boma, kumene digiri yonse imatha kudya ma rupee 10 miliyoni. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anakhoza NEET, koma malikisi ake sanafike pa malo a boma, ndipo bambo ake ndi mphunzitsi chabe. Banja lotere likamva za fizi ya madola 6,000 pa chaka ku Georgia silichedwa kusaina. Ife a ku Malawi nkhaniyi si yachilendo, chifukwa okhoza bwino MSCE sikuti onse amalowa ku KUHeS.

Ndiyambe ndi zimene anachita bwino. Kalata ya malo inabwera pa nthawi yomwe ananena. Satifiketi yanga anaimasulitsa m'Chijojiya ndi kuitumiza ku bungwe la boma la Georgia limene limavomereza maphunziro a kunja. MSCE inawazunguza pang'ono chifukwa anazolowera dongosolo lawo la zaka 12 za sukulu lotchedwa 10+2, moti ankangondifunsa pepala la kalasi 12, koma mayi amene ankayang'anira fayilo yanga sanatope mpaka zinatheka. Pa bwalo la ndege, pakati pa usiku, tinapeza mnyamata atanyamula pepala la mayina athu. Mlungu woyamba anatiperekeza kogula SIM, ku banki, ndi ku Public Service Hall kukalembetsa chiphaso chokhalira m'dziko. Zilembo za Chijojiya n'zazokhazokha, munthu wongofika kumene sungawerenge ngakhale dzina la siteshoni, ndiye thandizo limeneli sindilichepetsa. Nyenyezi zitatuzo zachokera pamenepa.

Chaka choyamba anatikakamiza kugona mu hositelo yawo ndi kudya ku mesi yawo. M'kabuku kotsatsa munali zipinda za anthu awiri. Tinapeza mabedi anayi ndi tebulo limodzi lowerengerapo, ndipo m'nyengo yozizira tinkalimbirana kukhala pafupi ndi hita. Chakudya chinali mpunga, dal ndi chapati tsiku ndi tsiku. A ku Kerala ankadandaula kuti ndi kaphikidwe ka kumpoto, a ku Gujarat osadya nyama ankakayikira mapoto. Ine ndinapulumukira pa ghomi, chakudya cha kumadzulo kwa Georgia cha ufa wa chimanga chimene chimayandikira nsima, kungoti eni ake amaikamo tchizi. Chaka chitatha tinachita lendi nyumba anthu atatu ku Gldani, dera lina la Tbilisi, ndipo tinapeza kuti tikuwononga ndalama zochepa kusiyana ndi za hositelo.

Koma zimenezo munthu umapirira. Chimene chinandikwiyitsa chinayamba mu Novembala 2021, titangokhala milungu yochepa. Bungwe loyang'anira madokotala ku India, National Medical Commission (NMC), limene linalowa m'malo mwa Medical Council of India mu 2020, linatulutsa malamulo atsopano a ophunzira kunja. Maphunziro asachepere miyezi 54, akhale m'Chingerezi, ndipo onse achitikire pa sukulu imodzi. Pamwamba pake pakhale miyezi 12 ya intenishipu, yogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, pa sukulu yomweyo, zonse zithe pasanadutse zaka 10, ndipo digiriyo ikhale yoti mwini wake angalembetsedwe nayo ngati dokotala m'dziko limene waphunziralo. Akabwerera ku India alembe mayeso, kenako achitenso intenishipu ina ya miyezi 12. Amene anali atayamba kale maphunziro lamuloli silinawakhudze, ndiye tsiku lolembedwa pa kalata yolowera sukulu linasanduka nkhani yaikulu. Ena a gulu lathu mapepala awo anachedwa, ndipo usiku wonse ankafanizira madeti pa mafoni. Pa gulu la WhatsApp la kampaniyo yankho linali limodzi: musadandaule, zonse zili bwino. Mtsikana wina wa ku Tamil Nadu anapempha kuti amulembere zimenezo pa kalata ya kampani yokhala ndi chidindo. Sanamuyankhe.

Funso lake linali lenileni. Kuno ku Georgia womaliza zaka 6 sayamba kugwira odwala payekha asanadutse maphunziro ena a ukatswiri, ndiye mawu aja oti "angalembetsedwe m'dziko limene waphunziralo" anzanga akhala akukangana nawo chaka ndi chaka. Ajenti woona mtima akanakhala nawo pansi makolo n'kuwafotokozera pamene pali poyera ndi pamene pali mdima. Athuwa ankangoloza mawu a pa kabuku kawo oti sukulu ndi yovomerezeka ndi WHO komanso NMC. WHO sivomereza masukulu a zaudokotala. Chimene chilipo ndi kaundula wotchedwa World Directory of Medical Schools, amene amayendetsedwa ndi mabungwe oona za maphunziro a udokotala a WFME ndi FAIMER, ndipo kupezeka m'menemo kumangosonyeza kuti sukuluyo ilipo. NMC nayo ilibe mndandanda wa mayunivesite a kunja amene inawadinda. Imati wophunzira aonetsetse yekha kuti sukulu yake ikukwaniritsa malamulo.

Tsopano za m'wodi, chifukwa apa ndi pamene dokotala amapangidwira. Zaka zitatu zoyambirira ndilibe nazo dandaulo lalikulu. Aphunzitsi ena ndi akhama, Chingerezi chawo chimamveka, ndipo chipinda choyeserera pa zidole chili ndi zida zabwino. Vuto limaoneka mukayamba kupita kuchipatala. Tsiku lina m'wodi ya odwala mtima tinazungulira bedi la agogo ena aamuna, ife ophunzira tinalipo khumi ndi kanthu. Agogowo ankalankhula Chijojiya ndi Chirasha basi. Dokotala anawafunsa mafunso kwa kanthawi, n'kutitembenukira ndi kutiuza m'ziganizo ziwiri zimene anena. Atatu a kutsogolo anamvetsera pachifuwa ndi stethoscope. Wachinayi asanafike, mwana wawo wamkazi anakoka bulangete n'kunena kuti bambo atopa. Sanalakwe, inenso akanakhala agogo anga ndikanatero. Enafe tinabwerera m'kalasi kukaona pa kompyuta kamvekedwe ka mtima umene tinaima nawo pafupi. Masiku ambiri amatha chonchi. Kufunsa wodwala mbiri ya matenda ake ndi theka la ntchito ya dokotala, ndipo sungafunse munthu amene simumvana. Sukulu imaphunzitsa Chijojiya m'zaka zoyambirira, koma n'chongokwanira kupereka moni ndi kugula buledi. Amene apindula ndi aja anachilimbikira paokha, n'kumapempha kugona kuchipatala usiku limodzi ndi madokotala a pa shifiti. Mnzanga wa ku Kerala anatero, ndipo lero amaika kanula ndi kusoka mabala bwinobwino. Ajenti pa nkhani ya chilankhulo anangoti maphunziro onse ndi a m'Chingerezi. Zoona, koma odwala sanawatchule.

Ndiye musadabwe kuti kuyambira chaka chachitatu anzanga amakhala ndi masukulu awiri. Masana amapita ku yunivesite kuti asalembedwe kujomba, usiku amaonera maphunziro a pa Marrow kapena PrepLadder pa foni, pokonzekera FMGE. Amenewa ndi mayeso amene wophunzira kunja aliyense amalemba kuti aloledwe ku India. Amachitika kawiri pa chaka, ali ndi mafunso 300, ndipo wokhoza ayenera kupeza 150. Kawirikawiri okhoza safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a olemba. Bungwe lolembetsa mayesowa, NBEMS, limatulutsa zotsatira potengera dziko ndi yunivesite, moti kholo lililonse likhoza kuona kuti ana a sukulu yakutiyakuti analemba angati ndipo anakhoza angati. Ajenti wathu sanatisonyeze pepala limeneli. Ankangotisonyeza zithunzi za ana ovala makoti oyera ataima pa chipale chofewa. Ndalama za maphunziro a pa foniwa nazo sizinali pa bajeti imene makolo anapatsidwa.

Pa 24 Febuluwale 2022 Russia inalowa m'dziko la Ukraine, ndipo boma la India linatulutsa anthu ake ambirimbiri kudzera m'mayiko oyandikana nawo pa ntchito yomwe linaitcha Operation Ganga. Ochuluka anali ophunzira udokotala, ndipo mmodzi anaphedwa ku Kharkiv. Kumapeto kwa chaka chimenecho ena a iwo anafika ku Georgia kudzapitiriza. Tinawalandira, anali atavutika zokwanira, ena anabwera opanda ngakhale mapepala a zotsatira zawo. Koma kampani yathu inaona msika. Magulu a m'kalasi anakula, mabedi a odwala osawonjezeka. Nthawi yomweyo anthu ambiri a ku Russia anasamukira ku Tbilisi ndipo lendi inakwera koopsa. Izi si mlandu wa ajenti, komabe amene akusankha dziko aziganizira kuti zaka 6 n'zambiri. Amene anali ku China anakhala kwawo zaka ziwiri ndi kanthu chifukwa cha Covid-19, akuphunzira pa intaneti, ndipo NMC inawauza kuti abweze nthawi ya kuchipatala. Mu Meyi 2024 gulu la anthu linaukira mahositelo a ophunzira achilendo ku Bishkek, ku Kyrgyzstan, kumene kampani yomweyi inkatumiza amene ankafuna fizi yotsika. Tinakhala maso usiku umenewo tikuimbira anzathu a kumeneko.

Pa ndalama muzikhala tcheru. Chaka choyamba anati fizi, hositelo, inshuwalansi ndi cholowa chawo zilipiridwe pamodzi ku akaunti yawo. Lisiti linabwera la chiwerengero chimodzi, losasonyeza kuti yakuti yapita kuti. Titafunsa ku ofesi ya zachuma pa sukulu tinauzidwa kuti kuyambira chaka chachiwiri tikhoza kulipira tokha ku banki, ndipo ambiri tinatero. Amene anapitiriza kudzera kwa ajenti, ena anatsekeredwa kunja kwa mayeso chifukwa ndalama zinachedwa kufika, makolo atalipira kalekale. Kwa ine panawonjezeka vuto la kwathu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola m'mabanki anali osowa. Fizi ya m'madola sinasinthe, koma kwa makolo anga inakwera pafupifupi kuwirikiza. Apa ndiyamikeko: mkulu wa kampaniyo kuno anapita nane kwa oyang'anira sukulu kukapempha kuti ndizilipira pang'onopang'ono, ndipo anavomera.

Kwa Mmalawi palinso kena. Anthuwa amadziwa malamulo a ku India okha, ndipo ngakhale amenewo amawanena theka. Nditawafunsa za kulembetsa kwathu anati digiri ya ku Ulaya imalandiridwa paliponse. Musakhutire ndi yankho limenelo. Lemberani Medical Council of Malawi musanalipire kalikonse, atchulireni dzina la sukulu, ndipo akuuzeni okha zimene adzafune mwana akadzabwerera. Kumbukiraninso kuti malungo, TB ya odwala HIV, kolera ndi kunyentchera kwa ana kuno timangoziwerenga m'mabuku. Pa tchuthi ndimapempha malo oonerera ntchito pa chipatala cha boma kwathu, ndipo anzanga a ku India nawo amachita chimodzimodzi kwawo.

Mchemwali wa mnzanga uja wa chipinda chimodzi analemba NEET chaka chatha, ndipo banja lawo linabwereranso ku kampani yomweyi. Ulendo uno anapita ndi mafunso olembalemba. Anafuna kuona zotsatira za FMGE za sukuluyo za zaka zitatu zapitazi, dzina la chipatala chimene ophunzira amagwirako ndi ngati chili cha yunivesiteyo kapena chobwereka, chiwerengero cha ophunzira pa gulu limodzi m'wodi, ndi kalata ya yunivesite yonena kumene intenishipu ya miyezi 12 idzachitikire. Anapemphanso manambala a ophunzira a chaka chachisanu omwe sagwirira ntchito kampaniyo, chifukwa ena mwa akuluakulu amene amakuyankhani mokoma pa foni amalandira kangachepe pa mwana aliyense amene abweretsa. Pa mafunso amenewa anayankhidwa awiri okha. Banjalo linawalipira za mapepala ndi viza basi, sukulu linasankha ina, ndipo fizi likutumiza lokha ku akaunti ya yunivesite. Amene angandifunse ngati agwiritse ntchito kampaniyi, ndingamuuze kuti achite chimodzimodzi.