Bambo a piyano a ku Braamfontein amene anakonza nyimbo za kwaya yathu

Kwaya yathu ya Amalawi amene timapemphera ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg ku South Africa inafuna kuchita sewero la Khirisimasi loimba lokhalokha, choncho tinapita kwa bambo ena achikulire a ku Braamfontein, mumzinda womwewo, amene akhala zaka zambiri akuimba piyano pa masewero a nyimbo ku Market Theatre ndi ku Joburg Theatre. Ntchito yawo ndi kulandira nyimbo imene mwapeka kale, kuigawa m'mawu anayi, soprano, alto, tena ndi besi, kenaka n'kulemba zimene piyano iziimba pansi pake.

Tsiku loyamba sanafune kuona pepala lililonse. Anapempha mayi amene ankasewera ngati Mariya kuti aimbe, ndipo atamva kuti akuvutika pa mawu okwera, anatsitsa kiyi mpaka mayiwo anayamba kuimba momasuka. Ankalemba manotsi awo pa mizere isanu, koma ife anatilembera mwa do re mi, popeza ambiri tinaphunzira kuimba motero kumudzi. Chichewa sachidziwa, komabe chifukwa Chizulu nachonso chimakoka phatikizo loyandikana ndi lomaliza, sanatipotozere mawu ngakhale amodzi, zimene oimba ena achilendo amalephera.

Luso lawo lenileni linaoneka tsiku la sewerolo, pamene mnyamata wosewera ngati m'busa anaiwala polowera. Iwo anangobwereza kachigawo komweko mofatsa katatu mpaka mnyamatayo anakumbukira, ndipo mpingo sunadziwe n'komwe kuti panalakwika kanthu. Anthu a ntchito imeneyi satchuka kawirikawiri; za sewero la nyimbo la King Kong, limene linayamba ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg mu 1959, ambiri amakumbukira woimba Miriam Makeba, osati amene anakhala pa piyano.

Chodandaula changa n'chakuti bambowa sakhutira msanga. Anasintha mbali ya tena kutangotsala sabata imodzi, pamene anyamata athu, amene amaweruka usiku m'mashopu ndi m'malo odyera, anali ataloweza kale yakaleyo, ndipo mkangano unabuka pa pulakatisi. Mtengo wawo nawo si wamasewera, ndipo amafuna theka lake ntchito isanayambe. Kwaya imene ikuwafuna pa Khirisimasi iwapeze mu Seputembala, ndipo igwirizane nawo tsiku limene adzaleke kusintha manotsi.